Mafuta a chamba ndi khunyu: zimene zinachitikira mwana wanga

Mayi mnzanga, inu amene mwatumiza chithunzi cha kabotolo ka mafuta a chamba, musamusiyitse mwana wanu wodwala khunyuyo mapiritsi a kuchipatala chifukwa cha kabotolo kamene mwatijambulirako. Nditangokaona ndinanjenjemera, chifukwa kanga kanali kotero, kopanda dzina la kampani, kongomatidwa kapepala kolembedwa pamanja kuti CBD, dzina la mankhwala ena opezeka m'chamba.

Mwana wanga anali ndi zaka 7 ndipo ankamwa phenobarbital, mapiritsi a khunyu. Ankagwabe kamodzi kapena kawiri pa mwezi, ankasinza m'kalasi, ndipo ine ndinali nditatopa. Bambo wina amene ndinamudziwira pa WhatsApp, wodzitchula kuti dokotala wa zitsamba, anandiuza kuti boma linavomereza chamba mu 2020, kuti azungu anasiya kale mapiritsi, ndiponso kuti mafuta akewo sagwira ntchito ngati mwana akumwabe mankhwala ena. Ndinatumiza ndalama zimene ndinasungira feteleza, ndipo mafutawo atafika ndinayamba kumupatsa mwana n'kubisa mapiritsi m'sutikesi.

Masiku atatu oyamba mwana ankangogona, maso ali psuu, akadzuka n'kumaseka zopanda pake, ndipo ine ndinkati ndiko kuchirako. Usiku wa tsiku lachinayi magetsi anali atazima, ndipo ndinadzidzimuka ndi phokoso la miyendo yake ikumenya khoma. Nditaunika ndi foni ndinapeza thupi lauma gwa, mano alumana, thovu losakanikirana ndi magazi likutuluka pakamwa chifukwa anadziluma lilime. Masiku onse ankaphupha kanthawi kochepa n'kutsitsimuka, koma tsiku limenelo anangopuma pang'ono osatsegula maso, n'kuyambiranso, kenaka n'kuyambiranso. Apongozi anga anabwera ndi supuni kuti amulowetse m'kamwa, ndipo tinachita kulandana, iwo akulira kuti mwana walodzedwa, ine ndikudziwa mumtima kuti wamulodzayo ndine. Milomo itayamba kuda ndinamumanga kumbuyo ndi chitenje, ndinathamanga wopanda nsapato mpaka pamsewu, ndipo mnyamata wa njinga yamoto amene anatitenga ankangobwereza kuti, "Amayi, mugwireni mutu." Kuchipatala anamubaya diazepam, anamuika mpweya, ndipo anatsitsimuka kutacha. Namwino atandifunsa ngati analumpha mapiritsi ndinayamba ndanama, ndipo ndinaulula pokhapokha atandiuza kuti phenobarbital akamusiya mwadzidzidzi amabweretsa khunyu losalekeza limene limapha.

Bambo uja ndinamuimbira ndili panja pa wodi. Anandiyankha mopanda manyazi kuti chimenecho ndi chizindikiro chakuti poizoni wa mapiritsi akutuluka m'thupi, ndipo ndiwonjezere madontho. Nditakweza mawu anadula foni, ndipo madzulo ake anali atandibuloka. Munthu ameneyu sanamuonepo mwana wanga, sanafunse kulemera kwake, ngakhale mtundu wa khunyu lake, koma anafunsa kawiri konse ngati ndalama zalowa. Mpaka lero akutsatsabe m'magulu a amayi, ndipo matenda amene amati amachiza akungochuluka, kuyambira shuga mpaka khansa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti bodza lake analiphika ndi zoona. Nyumba ya Malamulo inavomerezadi lamulo la chamba mu February 2020, koma linalola kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira chamba la Cannabis Regulatory Authority, osati kuwiritsa masamba m'mafuta ophikira kuseri kwa nyumba. N'zoonanso kuti ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza Epidiolex mu 2018, amene ndi CBD woyengedwa bwino, koma anamuvomereza pa mitundu yosowa ya khunyu, ya Dravet ndi Lennox-Gastaut, ndipo ana amene anawayesera ankamwabe mankhwala awo akale, madokotala akuwapima chiwindi. Ndinawerenganso kuti dokotala William O'Shaughnessy anayesa chamba pa khanda lokomoka ku Calcutta, m'dziko la India, cha m'ma 1839, choncho nkhaniyi si yatsopano. Vuto n'lakuti m'chamba muli CBD, amene saledzeretsa, komanso THC, amene ndiye amazunguza mutu, ndipo chamba chathu cha ku Nkhotakota chinatchuka kunja ndi dzina la Malawi Gold chifukwa cha ukali wake woledzeretsawo. Maso ofiira ndi kuseka kuja kunali kuledzera, ndipo ndinkamuledzeretsa ndine mayi wake ndi supuni ya tiyi.

Tsono musandimve ngati ndikunyoza chomerachi. Azakhali anga atadwala khansa ankamwa madzi a masamba ake, ndipo ankadya ndi kugona, ngakhale kuti sanachire. Ineyo mawa nditapeza CBD weniweni wopimidwa, dokotala n'kuvomereza, ndikhoza kumupatsa mwana wanga osazengereza, chifukwa mpaka lero amagwabe ngakhale anamusinthira ku sodium valproate. Kabotoloko musakataye, pitani nako tsiku la kiliniki mukawaonetse, ndipo mukawauze za kusinza kwa mwanayo kuti aone ngati angasinthe mankhwala pang'onopang'ono. Akagwa mugonekeni chammbali, musaike kanthu m'kamwa, ndipo pakadutsa mphindi 5 asanaleke nyamukani nthawi yomweyo. Ngati munayamba kale kumupatsa madonthowo, kanenereni zoona pa funso loyamba, chifukwa ine bodza langa linawatayitsa nthawi akufunafuna malungo amene kunalibe.