Yambani ndi kadzidzi, achimwene

Achimwene, akhwangwala akukutherani anapiyewo akopeni ndi chidole cha kadzidzi kuti muwawombere. Amadana naye koopsa, akangomuona amaitanana n'kumuunjirira. Ine kumunda kwathu ku Choma ndimamukhazika mumtengo mbandakucha, pansi n'kuikapo akhwangwala osema awiri kapena atatu, opaka utoto wosanyezimira. Choitanira, chipangizo chotsanzira kulira kwa mbalame, chizilira ngati khwangwala wogwidwa, koma musalize kosalekeza. Lizani pang'ono, kenaka zii. Bisalani bwino, nkhope ndi manja omwe, chifukwa mbalamezi zimazindikira munthu, ndipo zikakutulukirani sizibweranso msanga. Malo muzisinthasintha. Aneba muwauziretu, poti ambiri kadzidzi amamuopa.

Musanawombe, kafunseni kupolisi za laisensi ya mfuti, komanso kunthambi yoona za nyama zakutchire za chilolezo. Pakati pa nyumba ngati ku Chibavi ku Mzuzu musayerekeze, ana amasewera paliponse.