Musanatumize ndalama za mjigo, muyambe mwagwirizana kuti mwini wake ndani

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati inu ndi anzanu amene muli ku Johannesburg mwasonkherana ndalama zoti mukumbitse madzi kumudzi kwanu ku Balaka, koma mwasiyana maganizo pa zinthu zitatu: muike mjigo wopopa ndi manja kapena pampu ya sola yokhala ndi thanki ndi mipopi, mukumbe pakhomo pa amfumu monga iwo apempha kapena ayi, komanso ngati anthu azitunga ulere poti ndi mphatso. Ine ndikuti ikani mjigo wopopa ndi manja wa mtundu wa Afridev, pamalo poti si pakhomo pa munthu, ndipo otunga azisonkha mwezi ndi mwezi. Ndifotokoze zifukwa, chifukwa mukangotenga yankho lokhalo anzanu akakugonjetsani pa msonkhano woyamba.

Kukumba ndiye gawo lophweka. Galimoto yokumba ibwera, pakapita masiku angapo madzi atumphuka, amayi alulutira, zithunzi zifika pa WhatsApp. Mavuto amayamba chaka chachiwiri, labala ya m'kati ikatha, anthu n'kumapopa maulendo ambirimbiri ndowa osadzaza. Akafukufuku amene amawerenga mijigo m'maiko a kuno ku Africa amapeza kuti pa mijigo inayi kapena isanu iliyonse, umodzi umakhala sukugwira ntchito. Ina inakumbidwa mwachinyengo kuyambira pachiyambi. Koma ina yambiri inaima chifukwa cha kachipangizo kosafika mtengo wa nkhuku, ndipo m'mudzi monse munalibe amene ankadziwa kuti wogula ndani, womasula ndani, ndalama zili kwa yani. Chimene mukufuna kupereka kumudziko si chitsulo chokha ayi, ndi dongosolo loti chitsulocho chizikonzedwa inu mulibe.

Ndikunena Afridev chifukwa anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha, ndipo dziko lathu linathandiza nawo: mutu wake unachokera ku mjigo wotchedwa Maldev umene unayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenako ntchito inapitirira ku Kenya. Ndi sipanala imodzi mumamasula mutu, n'kukoka marodi (zitsulo zazitali za m'kati mwa mapaipi) limodzilimodzi mpaka pulanja, kachipangizo kokweza madzi komwe kamakhala ndi labala, ituluke, mapaipi osawazula. Mwasintha labala, mwabwezera, pofika masana anthu akutunga. Zipangizo zake zimapezeka m'mahadiweya a pa boma, ndipo pafupifupi dera lililonse lili ndi makaniko amene anaphunzitsidwa mjigo umenewu. Yerekezani ndi PlayPump, pampu ija yoti ana azizungulira posewera madzi n'kumakwera m'thanki. Mu 2006 inalandira ndalama zankhaninkhani zochokera ku America, inaikidwa ku South Africa, ku Mozambique, kuno kwathu ndi kwina. Pomaliza amayi ndi amene ankakankha chozunguliracho ana ali m'kalasi, ndipo ikawonongeka panalibe pogula zipangizo. Pazithunzi inkaoneka bwino zedi.

Sola sindikuinyoza. Pachipatala, pasukulu yogonera, kapena pamsika pomwe pali wolipidwa kuti aziyang'anira, imathandiza kwambiri. Koma imafuna chitsime cha madzi ochuluka, mlonda wa mapanelo, ndi ndalama zoitanira katswiri wa m'tauni pampu ikapsa, ndipo pa masabata amene mukumudikirawo mudzi wonse wabwerera kudambo. Ngati mtima uli pa sola, uzani wokumba akupatseni zotsatira za kupopa koyesera, zoonetsa malita amene chitsimecho chikutulutsa ndi momwe madzi akubwererera. Komiti ikaonetsa kwa zaka ziwiri kuti imatha kusunga ndalama za mjigo wamba, mudzaika sola pachitsime chomwecho.

Tsopano nkhani ya amfumu, imene ndikudziwa kuti ndi yovuta kuilankhula. Amfumu musawasiye kunja, chifukwa popanda iwo palibe chimene chingayende. Koma mjigo ukakhala pakhomo pawo, tsiku limene banja lina lakangana nawo pa nkhani ya malire a munda, mayi wa banja limenelo sadzapitanso kukatunga, ngakhale palibe wamuletsa. Ufumu ukadzasintha, kapena malowo akadzalowa m'manja mwa ana, mudzamva kuti mjigo ndi wa pabanja. Apempheni amfumu apereke malo a pagulu, alembe kalata yosonyeza kuti malowo ndi a mudzi, agulupu asainire monga mboni. Udindo wawo ukhale woweruza komiti ikalephera, osati wosunga kiyi kapena thumba. Mukawafotokozera kuti woweruza sangakhale yemwenso akufunsidwa za ndalama, ambiri amamva, ndipo ulemu wawo umakhala pomwepo. Komanso malo okumba sasankhidwa ndi pempho la munthu: mudzi utchule malo awiri kapena atatu, woyeza ndi makina anene pomwe pali madzi.

Zoti ogwiritsa madzi azidzilamulira okha si maganizo a mabungwe a masiku ano. Ku Valencia, m'dziko la Spain, alimi a mthirira ali ndi bwalo lawo limene lakhalapo zaka mazana ambiri. Lachinayi lililonse masana, alimi asanu ndi atatu osankhidwa ndi anzawo, aliyense woimira ngalande yake, amakhala pakhomo la tchalitchi chachikulu n'kumva milandu ya amene waba madzi pa tsiku la mnzake kapena waononga ngalande. Zonse zimachitika pakamwa, poyera, chigamulo chimaperekedwa pomwepo. Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anafufuza magulu otere ku Spain, ku Nepal, ku Philippines ndi kwina, ndipo anapeza kuti amene amakhalitsa amafanana pa zinthu zingapo: zimadziwika bwino kuti ogwiritsa ntchito ndi ndani, malamulo amapangidwa ndi omwe adzawatsate, oyang'anira amayankha kwa anthuwo, chilango chimayamba chaching'ono n'kumakula, ndipo pali pokadandaula pafupi, mosawononga ndalama. Mfundo yachiwiriyo muigwire. Inu a ku Joni musalembe malamulo n'kuwatumiza kumudzi. Funsani mafunso okha, iwo ayankhe pabwalo: a mudzi woyandikana azitunga nawo kapena ayi? Woumba njerwa ndi wothirira dimba azipereka chimodzimodzi ndi wotunga zigubu ziwiri zakumwa? Ng'ombe zizimwera pati? Mjigo uzitsekedwa nthawi yanji? Mu Okutobala, mzere wa ndowa ukafika kumsewu, mafunso amenewa ndi amene amayambitsa ndewu.

Za ulere. Inde, pa 28 Julayi 2010 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti madzi abwino ndi ufulu wa munthu aliyense. Kumene muliko, boma la South Africa linayambitsa mu 2001 ndondomeko yopereka malita 6,000 aulere pa nyumba mwezi uliwonse. Koma madzi amenewo alipo amene amawalipira, kudzera m'misonkho ndi mabilu a ogwiritsa ntchito ambiri. Kumudzi kwanu kulibe thumba lotero. Mukalengeza kuti ndi ulere, mjigo udzatchedwa "wa anyamata a ku Joni", ndipo ukadzawonongeka anthu adzakhala pansi kudikira foni yanu. Mbali inayo nayonso ili ndi ngozi yake. Ku Cochabamba, ku Bolivia, madzi a mzinda anaperekedwa kwa kampani ya Aguas del Tunari, mitengo inakwera anthu osafunsidwa, ndipo mu 2000 anthu anadzaza m'misewu mpaka boma linathetsa mgwirizanowo mu Epulo chaka chomwecho. Choncho mtengo aukhazikitse otunga eni ake, ukhale woti banja wamba lingakwanitse, ndipo agogo, olumala ndi ana amasiye amene sazipereka atchulidwe maina pabwalo, aliyense amve. Chikhululukiro chobisa ndicho chimabala mawu akuti "nanga uje bwanji sapereka".

Pa kasungidwe ka ndalama ndi pamene makomiti ambiri amagwera, ndipo nthawi zambiri si kuba kwenikweni. Msungichuma mwana wake wadwala usiku, ndalama za mjigo zili m'kachitini m'nyumba mwake, abwereka n'cholinga chobweza akagulitsa nandolo. Nandolo mtengo wagwa. Mwezi wotsatira akuchita manyazi kuitanitsa msonkhano, anthu nawo asiya kusonkha poti sakumva kalikonse. Njira yake ndi yoti ndalama zisamagone m'nyumba ya munthu. Zikangokwana, komiti igule zipangizo zimene zimatha msanga, malabala, mabushi a pa handulo ndi zina zimene makaniko angatchule, zisungidwe kwa munthu wina osati msungichuma. Izi zimatetezanso ku kugwa kwa kwacha: mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga makwacha anadzuka akulephera kugula zimene akanagula dzulo lake. Zotsala ziikidwe ku Mpamba kapena Airtel Money, foni ikhale ndi wina, nambala yachinsinsi ndi wina, kapena zizizungulira ku banki mkhonde ngati gulu lake ndi lodalirika. Mwezi uliwonse mlembi awerenge mokweza pamjigo pomwepo: talandira zakuti, tagula zakuti, zatsala zakuti. M'komitimo amayi achuluke, ndipo asangokhala osesa pamjigo, akhale pa mipando ya ndalama. Ndi amene amayamba kumva kuti handulo yayamba kulira.

Gawo lanu inu akunja likhale la zinthu zikuluzikulu zokha, monga mapaipi akagwera pansi kapena simenti ya pamwamba ikang'ambika. Patulani ndalama zimenezo panopa, musathere zonse pa kukumba ndi phwando lotsegulira. Ndipo makaniko musamamufune mjigo utafa kale. Ku Kenya, m'madera a Kitui ndi Kwale, kampani ya FundiFix imalandira ndalama pang'ono mwezi uliwonse kuchokera ku midzi n'kulonjeza kukonza pasanathe masiku atatu, pomwe kale mjigo unkatha kukhala mwezi wathunthu uli chiimire. Komiti yanu ingapangane zofanana ndi makaniko wa m'dera: azibwera miyezi itatu iliyonse kudzamasula ndi kuona, azilipidwa zimene mwagwirizana.

Madzi akatuluka musathamangire kumwa chifukwa choti ndi oyera m'maso. Ku Bangladesh anakumba zitsime mamiliyoni kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pofuna kuthetsa matenda otsekula m'mimba, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zinadziwika kuti zambiri zinali ndi poizoni wa arsenic, amene saoneka komanso samveka kukoma. Kwathu kuno vuto lodziwika ndi mchere, makamaka ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi fluoride amene amadetsa mano a ana m'madera ena. Lembani mu mgwirizano kuti madzi akayezedwe ku labotale ndipo pepala lake mulione. Zimbudzi, makola ndi manda zikhale kutali, mamita osachepera 30, ndipo zisakhale kumtunda kwa mjigo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho alangizi a zaumoyo a m'deralo akhale nawo kuyambira pachiyambi, chifukwa madzi abwino amaipira m'ndowa ndi mumtsuko. Inu a ku Balaka simufunikanso kuuzidwa kuti madzi amatha: damu la Mpira ku Ntcheu litaphwa mu 2018 mipopi yanu inauma. Choncho kusamala mitengo ya kumtunda kwa mudzi kuti madzi asaphwe ndi nkhani ya komiti ya mjigonso.

Zamalamulo ndi zachidule. Pansi pa lamulo la madzi la 2013, bungwe la National Water Resources Authority ndilo limapereka zilolezo, ndiye wokumba akuonetseni mapepala ake musanamupatse kalikonse. Pitaninso ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo ya Balaka kuti mjigo wanu ulowe m'kaundula, akuuzeni za mijigo ina yozungulira, komanso aphunzitse komiti. Muyezo wa boma ndi anthu pafupifupi 250 pa mjigo umodzi. Ngati mudzi wanu ukuposa pamenepo kwambiri, dziwani kuti zipangizo zizitha msanga ndipo chopereka chiganizire zimenezo.

Mu mgwirizano ndi kontrakitala mulembe zoti chichitike n'chiyani akakumba osapeza madzi, marodi akhale achitsulo chosachita dzimbiri, ndipo pakhale munthu wanu wodziwa ntchitoyi woima pomwepo kuwerenga mapaipi akamalowa pansi, chifukwa kuzama kolembedwa pa pepala ndi kuzama kwenikweni nthawi zina zimasiyana. Kumbani m'chilimwe, madzi a pansi atatsika, osati mu Febuluwale pomwe paliponse pamatuluka madzi. Gawo lomaliza la malipiro ake muligwire mpaka mjigo udutse Okutobala ndi Novembala ukutulutsa bwino. Sabata ino, musanaimbire kontrakitala aliyense, pemphani amfumu aitanitse msonkhano wa mudzi, komiti isankhidwe, ndipo chopereka choyamba chisonkhedwe galimoto yokumba isanafike. Mudzi ukalephera kusonkha mwezi woyambawo, dikirani kaye, ndalama zanu zikhale komweko.