Mausi ikuuma chifukwa cha powertop, koma musazimitse zonse

Achimwene a ku Ulongué, mwati mutalemba powertop --auto-tune (powertop ndi pulogalamu yochepetsa moto womwe kompyuta imadya) pa laputopu yanu ya Ubuntu batire linayamba kukhalitsa, koma tsopano mausi ikumauma ndipo modemu ya USB ikumadula intaneti. Ena akuti muike usbcore.autosuspend=-1 basi, yomwe imaletsa zipangizo zonse za USB kugona, motero batire lidzatha msanga. Ine ndikuti ayi, makamaka poti mwati kumudzi mumatchaja ndi sola.

Chomwe mwakhudza chimatchedwa runtime PM, chinalowa mu Linux 2.6.32 mu 2009 kudzera m'ntchito ya Rafael Wysocki. N'chosiyana ndi kugoneka kompyuta yonse mukatseka chivundikiro. Apa kompyuta ili maso, koma kachipangizo kalikonse kakhoza kugona pakokha. Kernel, mtima wa Linux, imawerengera omwe akugwiritsa ntchito chipangizo: draiva ikafuna kuchigwiritsa imaitana pm_runtime_get, ikamaliza imaitana pm_runtime_put. Chiwerengero chikafika pa 0, kernel imadikira kaye pang'ono, kenako n'kuchigoneka. Zili ngati wa pachigayo: sazimitsa injini mayi mmodzi akangosenza ufa wake, amasuzumira kaye ngati kukubwera wina, poti kulizanso injini kumadya dizilo. Ku USB kudikira kumeneku kumakhala masekondi 2 ngati simunasinthe.

Tsono powertop sasankha. Amalemba auto (kulola chipangizo kugona) paliponse, ngakhale pa zipangizo zomwe zikagona sizidziwa kudzuka bwino. Mausi zotchipa zambiri zimadzuka mukadina batani, osati mukangozisuntha. Modemu zina nazo zikagona zimataya netiweki.

Lembani lsusb, lamulo loonetsa zipangizo za USB ndi manambala ake, muone mausi ndi modemu, kenako lowani mu /sys/bus/usb/devices/ mupeze foda yake poyang'ana idVendor ndi idProduct. M'katimo muli power/control. Lembanimo on (kuti chisagone) pa ziwiri zokhazo, zina zonse zikhale auto. Mukafuna kudziwa ngati chagonadi, werengani power/runtime_status, ionetsa active kapena suspended. Modemuyo mukhoza kuyamba mwayesa kukweza power/autosuspend_delay_ms, mwachitsanzo 60000, yomwe ndi mphindi imodzi.

Dziwaninso kuti mausi sidya moto wambiri. Phindu lenileni lili ku PCI: khadi ya Wi-Fi, ya mawu, makamaka khadi yachiwiri ya zithunzi ngati ilipo, yomwe ikalowa D3cold moto umadulidwiratu. Zimenezo musazikhudze, powertop wachita bwino.

Zonsezi zimafufutika mukazimitsa kompyuta. Kuti zikhalitse ikani TLP, pulogalamu yosamala batire la laputopu, ndipo manambala a mausi ndi modemu muwalembe pa USB_DENYLIST mu /etc/tlp.conf. Zikakanika, tumizani muno zomwe lsusb yaonetsa tione limodzi.