Kwa adzukulu anga okumba mizu ndi kusenda makungwa a mankhwala

Adzukulu anga, mwandifunsa ngati malamulo amene akuluakulu amakupatsani mukamapita kutchire kukafuna mankhwala, monga kusenda khungwa kum'mawa ndi kumadzulo kokha kapena kukwirira dzenje mukakumba muzu, adakali ndi phindu masiku ano, pamene ogula a m'tauni akufuna muwawani ndi gondolosi wodzaza thumba ndipo ndalama ikusowa pakhomo. Funso lanu ndi loyenera, chifukwa munthu sasunga mwambo umene sakuumvetsa.

Ife tinaphunzitsidwa kuti khungwa losendedwa mozungulira mtengo wonse silichiza, ndiponso kuti mtengo ukauma chifukwa cha dzanja lako, wodwala amene unamutengera mankhwalawo sapeza bwino. Ena mwa inu simukhulupirira zimenezi, koma chimene lamuloli linkateteza ndi chooneka ndi maso. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwa, choncho amene wasenda kuzungulira thunthu lonse wadula njira ya chakudyacho. Mtengo wotere umakhalabe wobiriwira kwa miyezi ingapo ngati kuti palibe chachitika, koma mizu yake imakhala ikufa ndi njala, ndipo pamapeto pake umauma uli chiimire. Mukasenda mbali ziwiri zokha mumasiya khungwa kumpoto ndi kummwera, ndipo chakudya chimapitabe pansi pamene bala likupola. Dulani kachidutswa kosaposa chikhatho chanu m'lifupi, motsata kutalika kwa mtengo, ndipo mumate dothi lonyowa pabalapo monga ankachitira asing'anga akale. Mukapeza muwawani kapena mvunguti uli ndi bala losapola la munthu wina, upitirireni mukafune wina, pakuti khungwa limatenga zaka kuti litseke.

Nkhani ya mizu ndiyo imandiwawa kwambiri. Muzu waukulu wolowa pansi ndiwo umagwira mtengo ndi kuupezera madzi m'chilimwe, ndipo umenewo simuyenera kuukhudza. Fukulani mbali imodzi, dulani muzu umodzi kapena iwiri ya m'mbali motalikirako ndi tsinde, kenako bwezerani dothi ndi kulipondaponda kuti mizu yotsalayo isaume ndi dzuwa. Mtengo wa bwazi wachepa m'madera ambiri chifukwa anthu amaukumba mbali zonse ndi kuusiya pamtunda. Funsaninso asing'anga odziwa ngati masamba sangagwire ntchito imene mukuifunira muzu, chifukwa masamba amaphukiranso mvula ikagwa.

Komabe ndisakunamizeni kuti malamulo akalewa paokha angakwanire pa malonda amene mukuchita. Makolo anawaika poganizira munthu amene akutengera wodwala mmodzi mankhwala a m'dzanja limodzi, osati gulu la anyamata odzaza matumba a makilogalamu 50 sabata ndi sabata. Ngakhale aliyense atasenda mwaulemu, mtengo umodzi sungapirire anthu makumi awiri. Gondolosi ndi chomera choyanga chimene chimakonda nkhalango za chinyontho, ndipo popeza chofunika pa iye ndi muzu, wogulitsa wofulumira amazula chomera chonse chisanabereke n'komwe njere. Mukafuna kudziwa kumene khalidwe lotere limafikitsa, taganizirani za mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984: ocheka matabwa anaudula mpaka mitengo ikuluikulu inatsala pang'ono kutheratu, ndipo lero anthu akuvutika kuubzalanso.

Choncho amene akufuna kudya za mankhwala a zitsamba ayenera kukhala mlimi wa mankhwalawo. Gondolosi amamera kuchokera ku njere ndipo amayanga bwino pa mtengo wa pakhomo pamalo a mthunzi. Muwawani nawo umabereka njere m'zikhokhombe zake zazitali, ndipo mukhoza kufesa m'machubu monga mumachitira ndi mitengo ina. Kutchire muzitengako zochepa, ndipo nthawi zonse muzisiya zomera zokhwima zoti zibereke.

Pa za khalidwe, kumbukirani kuti tchire lili ndi eni ake. Musanalowe m'nkhalango ya mudzi, kaonekereni kwa amfumu ndi kwa komiti yoyang'anira zachilengedwe, muwauze chimene mukufuna ndi kuchuluka kwake. Mitengo ya kumanda siikhudzidwa, ngakhale muone kuti mankhwala amene atha kwina konse atsala kumeneko kokha. M'nkhalango zotetezedwa ndi boma, monga Dzalanyama, lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo asanatenge kanthu, ndipo ndi bwino kukachipempha ku ofesi ya zankhalango kusiyana ndi kulowa mozemba usiku. Mlendo wobwera ndi galimoto akakupemphani kuti mumulondolere kumene kuli mitengo ya mankhwala, musavomere nokha chifukwa cha kandalama kochepa. Mutengereni kwa amfumu kuti mudzi wonse ugwirizane za mlingo umene angatenge.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Tolani njere m'chilimwe zikakhwima, pemphani amfumu malo pafupi ndi madzi oti muikepo nazale, ndipo alangizi a zankhalango akuthandizeni kafesedwe kake kuti mbande zidzakhale zitakula mvula yoyamba ikamadzagwa.