Za maukwati musazisiye, koma dziwani chimene mukugulitsa

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wojambula maukwati, zinkhoswe ndi katundu wa m'masitolo angalowe m'zithunzi za luso zija amapachika m'ma gallery (nyumba zoonetsera ndi kugulitsira zaluso), komanso ngati pafunika kamera ina. Kamera muli nayo kale, imeneyo ikwana. Nkhani yagona pa mafunso awiri: akulamula chithunzicho ndani, ndipo wogula akulipira chiyani?

Pa ntchito ya malonda mwini mawu ndi kasitomala. Akati botolo lioneke lozizira, kumanja kutsale malo olembapo mtengo, kufiira kwa chizindikiro cha kampani kusasinthe, inu mumangotsatira. Ndipo chimene akugula kwenikweni ndi chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzicho. Apa ndi pamene ojambula ambiri amadyeredwa masuku pamutu. Chithunzi choikidwa pa Facebook miyezi itatu sichingafanane mtengo ndi chokhala pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu zaka ziwiri, ngakhale zonse munajambula m'mawa umodzi. Pa quotation (pepala la mitengo limene mumapatsa kasitomala) patulani ndalama ya tsiku lojambula, ndalama zimene muwononge pa mayendedwe, wokuthandizani ndi magetsi obwereka, kenako chilolezocho: chithunzi chituluka pati, m'dziko liti, kwa nthawi yaitali bwanji.

Ku luso kulibe wokutumani. Mutu mumasankha nokha, ndalama zosindikizira zimachoka m'thumba mwanu, ndipo wogula amalipira pepala lenilenilo, losainidwa, pamodzi ndi lonjezo lakuti ofanana nalo alipo ochepa.

Anthu amayankhula ngati pakati pa ziwirizi pali mpanda, koma mbiri ikukana. Irving Penn, wojambula wa ku America, anayamba kugwirira ntchito magazini ya Vogue mu 1943, ndipo ndi yemweyo amene anatola zotsalira za ndudu m'misewu ya New York, n'kuziunikira mosamala ngati katundu wodula, mpaka zithunzi zakezo zinaonetsedwa kunyumba ya zaluso ya Museum of Modern Art mu 1975. Luso la kuunikira analinolera pa ntchito zolipidwa.

Woyandikana kwambiri ndi ntchito yanu ndi Seydou Keïta wa ku Bamako, dziko la Mali. Anatsegula situdiyo mu 1948, anthu n'kumabwera atatchena, ena kuima pambali pa galimoto kapena kugwira wailesi, kumbuyo atapachika nsalu ya maluwa. Inali bizinesi basi, munthu alipire atenge chithunzi chake. Mu 1991 zina mwa zithunzizo zinaonetsedwa ku New York popanda dzina lake, ndipo mu 1994 anakhala ndi chionetsero chakechake kunyumba ya zaluso ya Fondation Cartier mumzinda wa Paris. Mnzake wa ku Bamako komweko, Malick Sidibé, amene ankajambula achinyamata kumadansi, analandira mphoto yaikulu ya zaluso ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Chimene chinatheketsa zonsezi ndi chakuti ma negative awo (mafilimu amene amatsukirapo zithunzi) anasungidwa, masauzande ambirimbiri, ndipo kajambulidwe kawo kanali kodziwika kuti aka n'kauje.

Choncho yambirani pa kusunga. Mafayilo a RAW (zithunzi zosakonzedwa, mmene zachokera m'kamera) akhale pa ma hard drive awiri, imodzi izigona kunyumba ina, ndipo chikwatu chilichonse chikhale ndi deti, malo ndi mayina. Kasitomala mumpatse ma JPEG okonzedwa, RAW isachoke m'manja mwanu pokhapokha atailipira padera. Mumgwirizano lembanimo chiganizo chonena kuti umwini wa zithunzi ukhala wa ndani, ndi china chopempha kuti muzigwiritse ntchito pa chionetsero. Chachiwirichi musachipeputse. Mkwatibwi amene anakulipirani kuti mumjambule sanavomere kuti nkhope yake ikagulitsidwe kwa alendo. Aliyense wooneka bwino nkhope asaine chilolezo, ndipo akakhala mwana asaine kholo.

Chithunzi chimodzi chokongola sichitsegula khomo la gallery. Amafuna mndandanda wa zithunzi 12 mpaka 20 zonena nkhani imodzi, zojambulidwa mofanana. Sankhani chinthu chimene ntchito yanu imakufikitsanipo koma kasitomala sachifuna. Mwachitsanzo amayi ophika kuseri kwa holo ya ukwati: nkhuni zikufuka, mthiko waukulu uli mumphika, thukuta likutsika, nyimbo zikumveka chapatali. Jambulani zimenezo pa maukwati khumi ndi lenzi imodzi, 35mm kapena 50mm, kuti zithunzi zigwirizane, koma mutamaliza kaye zimene mwalipidwira ndiponso mutapempha eni ake.

Chimene chimasokoneza ojambula a malonda ndi dzanja lozolowera. Kusalaza khungu, kuyeretsa mano, kukweza mitundu mpaka chitenje kuwala ngati chatuluka kumene m'sitolo, zonsezo kasitomala amazikonda, koma pa pepala lalikulu zimaoneka ngati pulasitiki. Makwinya asiyeni. Mdima wina usiyeni ukhale mdima.

Kusindikiza ndiye kumene ndalama zimathera, ndiye tipite pang'onopang'ono. Kamera ya 24 megapixels imatulutsa mapikiseli 6000 ndi 4000. Pa 300 ppi (mapikiseli 300 pa inchi iliyonse ya pepala) zimenezo zimakupatsani masentimita pafupifupi 51 ndi 34, ndipo mukafika pa pepala lalikulu la saizi ya A2 mumatsikira cha m'ma 250 ppi, zomwe zikadali zabwino kwa munthu woima patali pang'ono. Dandaulo la pafupifupi aliyense woyamba ndi lakuti chithunzi chatuluka chakuda kuposa pa kompyuta. Vuto si makina osindikizira, ndi sikirini yowala kwambiri. Itsitseni ifike pa 100 mpaka 120 cd/m² (muyezo wa kuwala kwa sikirini), funsani wosindikiza ICC profile ya pepala limene agwiritse ntchito (fayilo youza kompyuta mmene mitundu itulukire pa pepalalo), ndipo yambani mwasindikiza kachidutswa kakang'ono ka malo ovuta, monga nkhope ndi mthunzi, musanalipire pepala lonse. Funsaninso mtundu wa inki. Ya dye imasuluka msanga ikamaombedwa ndi kuwala, ya pigment imakhalitsa. Pepala likhale la thonje lopanda asidi, monga Hahnemühle Photo Rag ya 308 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala). Poika mufelemu, pepala lisakhudze galasi, pakati pakhale katoni yopanda asidi, chifukwa nthawi ya dzinja chinyezi chimamatiza chithunzi kugalasi ndipo nkhungu imayambira pomwepo.

Tsopano za edition, kutanthauza chiwerengero cha makope a chithunzi chimodzi amene mudzasindikiza. Musanagulitse loyamba, tsimikizani kuti pa saizi imeneyo mudzasindikiza angati, tinene 10, kuwonjezapo limodzi kapena awiri anuanu olembedwa AP (artist's proof, kope la mwini chithunzi). Kumbuyo kapena m'mphepete lembani ndi pensulo 1/10, mutu, chaka ndi siginecha, osati ndi bolopeni, poti inki yake imalowerera m'pepala. Sungani kaundula wa amene wagula nambala iti. Khumiwo akatha, athadi. Mukasindikiza la 11 chifukwa wina wabwera ndi ndalama, mwaphwanya lonjezo limene oyamba aja analipira, ndipo ogula zaluso amauzana. Chithunzi cha Andreas Gursky chotchedwa Rhein II, chimene chinagulitsidwa madola 4.3 miliyoni kukampani yogulitsa zinthu pa okushoni ya Christie's mu 2011, chinasindikizidwa kasanu ndi kamodzi kokha. Ndalama zoterozo musaziwerengere, koma lamulo lake ndi lomwelo.

Poika mtengo kumbukirani kuti gallery nthawi zambiri imatenga theka. Werengani pepala, inki, felemu ndi mayendedwe, wonjezerani phindu lanu, ndiyeno chulukitsani kawiri, ndipo mtengo umenewo ukhale womwewo ngakhale munthu atabwera kudzagula kunyumba kwanu, apo ayi a gallery sadzakuitananinso. Mawebusaiti kapena masamba a Instagram akhale awiri, kuti wofuna wojambula ukwati asakumane ndi amayi a kukhitchini aja n'kuganiza kuti mkwatibwi mudzamuiwala.