Ndiyambire pati kusonkhanitsa makobidi akale?

FUNSO: Agogo anandisiyira kachitini ka ndalama zachitsulo zakale, ndiye ndikufuna ndiyambe kusonkhanitsa mwa siliyasi. Ndizikweche kaye kuti ziwale?

YANKHO: Ayi ndithu, chonde musakweche! Kukwecha kumasiya timikwingwirima ndipo akatswiri akangoona kuti kobidi inatsukidwa mtengo umagwa pompo, kuda kuja iwo amakukonda. Muzigwira m'mbali osati pankhope, thukuta lam'manja limadya chitsulo. Komanso pewani mapulasitiki ofewa a PVC, amatulutsa zinazake zobiriwira zomata, sungani pouma m'timaenvelopu topanda asidi.

Kenako sankhani mbali imodzi, kaya dziko limodzi kaya zaka zinazake, zonse simungazithe. Pezani galasi lokulitsa ka 10 ndi kasikelo, poti zafeki zambiri zimagwidwa pa kulemera, ndiye muzilemba chaka, dziko ndi komwe mwaipeza.

China, kukalamba si mtengo ayi. Makobidi ambiri a Aroma ngotchipa chifukwa alipo mbwee, chofunika ndi kusowa kwake ndi mmene yasungikira. Makampani ngati PCGS ndi NGC amayeza makobidi n'kupereka magiredi a mmene asungikira kuyambira 1 mpaka 70, muphunzire magirediwa musanagule chodula.