Masters ya unamwino: ndipite kusukulu kapena ndingokhala ku wodi?

Imelo iyi yachokera kwa mchemwali wina amene akugwira ntchito pa chipatala cha boma m'chigawo chapakati, dzina anapempha kuti lisatuluke. Mwachidule, ali ndi digiri ya unamwino ndi uzamba, wagwira ntchito zaka 6, nthawi yambiri ku mateniti, ndipo wasungako kandalama koti akhoza kuyambira masters. Akufunsa zinthu zitatu: akabwera ndi masters malipiro akwera? Atenge ya Midwifery (uzamba) kapena MPH (Master of Public Health, ya zaumoyo wa anthu onse) poti anzake onse akuthamangira MPH? Nanga atafuna kupita ku UK pepalali limuthandiza?

Achemwali, ndiyambe ndi chowawacho kuti tithane nacho. M'boma pepala palokha silikweza munthu giledi. Malipiro amatsata udindo womwe mwakhalapo, ndiye mukapita kusukulu muli Nursing Officer mudzabwerakonso muli Nursing Officer yemweyo, yunifolomu yomweyo, ma naiti omwewo, mpaka tsiku lomwe patuluke malo a Senior kapena Principal kapena Chief Nursing Officer n'kukachita intavyu, kaya ku Health Service Commission kaya ku Local Government Service Commission kwa inu amene muli pansi pa makhonsolo. Pa intavyupo ndi pomwe masters imayamba kulankhula, chifukwa mukafanana zaka zogwira ntchito ndi mnzanu inu muli ndi china chowonjezera, komanso maudindo apamwamba ngati a ku likulu la unduna ku Capital Hill amakonda anthu oti anapitirira digiri yoyamba. Koma malo amenewo ndi ochepa, distirikiti iliyonse ili ndi mkulu wa anamwino ndi azamba mmodzi basi, ndipo satuluka chaka chilichonse. Ndiye ngati cholinga ndi choti mwezi wotsatira graduation salale isinthe, mudzakhumudwa zedi.

Izi sindikunena kuti musapite ayi. Ndikuti musanalipire fizi dziwani kaye ntchito yomwe mukuifuna, kenako musankhe masters yopita kumeneko. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa, amayamba atenga pepala kenako n'kumazungulira nalo kusaka poti aliike.

Komwe masters imalipira mosachita kufunsa ndi kophunzitsa. Ku yunivesite kuti ukhale lekichala weniweni masters ndiye poyambira, kukwera kupitirira apo amafuna PhD ndi mapepala a kafukufuku osindikizidwa. Ndipo malo ophunzitsa unamwino m'dziko muno alipo ambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Pali KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), yomwe inabadwa mu 2021 pamene Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zinachoka mu University of Malawi n'kukhala yunivesite imodzi, pali Mzuni, pali Daeyang ku Lilongwe, Malawi College of Health Sciences yomwe ili ndi makampasi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndiye palinso makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, St Joseph ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Malamulo, Trinity kumunsi ku Nsanje kuja. Ambiri mwa makolejiwa ali kumudzi ndithu ndipo si aliyense amafuna kukakhala ku Muona kotentha kuja ndi ana ake, ndiye amene ali wokonzeka kuchoka mtauni mpikisano umamuchepera. Munthu wa zaka 6 ku mateniti ngati inuyo ali ndi chinthu chomwe ma tyuta ena alibe, mwaona PPH (mayi kutaya magazi ambiri atangobereka) usiku magazi kulibe ku labu, mwatsitsimutsapo khanda ndi ambu bag (chopopera mpweya ndi manja) magetsi atazima, ophunzira amazindikira msanga mphunzitsi amene anagwirapo ntchito ndi amene anangowerenga.

Tsopano nkhani ya MPH ija. Ndikumvetsa chifukwa chomwe anzanu akuithamangira, kwa zaka zambiri ndalama zabwino pa zaumoyo zinali ku ma NGO ndi ma pulojekiti, galimoto ya ofesi, ma alawansi a ku Mangochi ndi ku Salima, kulibe naiti, kulibe magadiyani okukalipirani. MPH inali tikiti yolowera kumeneko. Koma pali zinthu ziwiri zoti muziganizire. Choyamba, MPH si ya anamwino okha, m'kalasi mudzakhala ndi madokotala, ma clinical officer, a environmental health, a nutrition, a ku labu, ndipo vakansi ya Programme Officer ikatuluka nonsenu mudzaponya makalata pamodzi. Mukatenga ya Midwifery mukupikisana ndi azamba anzanu okha, ndipo amene ali ndi masters pakati pawo ndi owerengeka. Chachiwiri, munaona nokha zomwe zinachitika kuyambira Januwale 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lakunja kenako USAID n'kutsekedwa, ma pulojekiti a HIV ndi a uchembere wabwino ambiri anaima kapena kuchepetsa anthu, ndipo amene anachotsedwawo, ambiri a iwo ali ndi MPH ndi zaka zambiri za ukadaulo, ali pa msika womwewo womwe inu mukufuna kulowa. Ntchito za ma NGO sizinathe, Global Fund ilipo, mabungwe a UN alipo, Partners In Health ikadali ku Neno, koma aliyense waona tsopano kuti kontirakiti ya chaka chimodzi ndi ya chaka chimodzi basi.

Ngati mtima wanu uli pa MPH ndithu, musangotenga kuti mukhale ndi zilembo zitatu kumapeto kwa dzina. Chomwe chimagulitsa munthu ndi manambala. Tulukani mukudziwa epidemiology (kafalidwe ka matenda) ndi biostatistics (masamu a zaumoyo) bwinobwino, mukutha kutsegula mapulogalamu owerengera ma data monga Stata kapena R osachita mantha, mukutha kukoka ma data mu DHIS2, momwe unduna umasungira ma data a zipatala, n'kunena zomwe akutanthauza, mukutha kulemba proposal yopempha ndalama. Amene ali ndi zimenezi sasowa pogwira. Amene anangodutsa ma module n'kulembetsa thesis kwa munthu wina amaonekera pa intavyu mphindi zisanu zoyambirira.

Pali njira ina yomwe simunaitchule koma ikukuyenerani, ya kafukufuku. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome ndi Johns Hopkins Research Project pafupi ndi Queens, ku Lilongwe kuli UNC Project ku KCH, kulinso MEIRU yomwe imagwira ku Karonga ndi ku Lilongwe. Malo amenewa amalemba ma research nurse, ndipo kulowa sikufuna masters, digiri yanuyo ndi satifiketi ya GCP (Good Clinical Practice, malamulo a kafukufuku wa pa anthu) zimakwana pa maudindo ambiri oyambira. Masters imabwera pofuna kukwera kukhala study coordinator kapena kuyamba kufunsa mafunso anuanu a kafukufuku, ndipo ubwino wake ndi woti m'malo otere ndi momwe mumapezeka mwayi wa ma fellowship olipirira sukulu, ena amalowa ngati research nurse n'kudzatulukira ku PhD osatulutsa ndalama ya m'thumba. Vuto lake ndi lomwe lija la ma kontirakiti, study ikatha ntchito yatha, komanso nawonso ena amadalira ndalama za ku America.

Nanga amene akufuna kukhalabe pambali pa bedi la wodwala koma ngati katswiri? Apa ndi pomwe dziko lathu limandikhumudwitsa pang'ono. Ku America namwino wa masters amatha kukhala nurse practitioner, kuona odwala yekha, kulemba mankhwala, malipiro ake osiyana ndi a namwino wamba. Kwathu kuno ntchito imeneyo kwambiri ili m'manja mwa ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo makwerero a namwino amamuchotsa ku wodi kupita naye ku ofesi, ukakhala wodziwa kwambiri amakupatsa ma rosita ndi ma miting'i. KUHeS imaphunzitsa masters za ukatswiri ndithu, Midwifery, Reproductive Health, Child Health, Adult Health, Community Health, ndipo malo ofuna anthu otere alipo, Chatinkha ku Queens, Ethel Mutharika ku KCH, Bwaila, Mercy James yomwe inatsegulidwa mu 2017 ndi ICU ya ana, koma konzekani kuti mwina mudzagwira ntchito ya katswiri pa malipiro a giledi yakale kwa kanthawi ndithu. Ena zimawakwana chifukwa amaikonda ntchitoyo, ndipo ine anthu amenewo ndimawapatsa ulemu, koma munafunsa za ndalama ndiye ndikuyankha za ndalama.

Za ku UK yankho ndi lalifupi: polowera masters sikuthandizani. A NMC, bungwe lolembetsa anamwino ndi azamba kumeneko, amafuna umboni wa maphunziro anu oyamba a unamwino, kalata yochokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi, Chingerezi cha IELTS 7 kapena OET giledi B, polemba pokha amalola kutsikako pang'ono, kenako mayeso a CBT pa kompyuta ndi OSCE, mayeso ogwira ntchito ndi manja, yomwe mumakachitira komweko. Mukakhoza mumayambira Band 5, giledi yoyambira ya namwino kumeneko, kaya muli ndi masters kaya mulibe. Dziwaninso kuti kumeneko unamwino ndi uzamba amalembetsa padera, si ngati kuno komwe timanyamula zonse ziwiri, ndiye muyenera kusankha kuti mukulowa ngati ndani. China, Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa mayiko 55 omwe akusowa kwambiri antchito azaumoyo, ndiye UK inatiika pa red list, kutanthauza kuti ma ejenti saloledwa kubwera kudzasaka anamwino kuno, koma inu panokha mukhoza kufunsira ntchito mwachindunji ku chipatala chomwe chalengeza malo. Ndiye wina akakuuzani pa WhatsApp kuti tumizani mamiliyoni ndikupezereni malo ku NHS (zipatala za boma za ku UK), gwirani chikwama chanu. Ngati mtima uli kunja, kandalama mwasungako kathereni pa mayeso a Chingerezi ndi CBT, masters mukaiganizire muli komweko poti ndi yomwe imathandiza kufika ku maudindo a advanced practice a Band 7 kupita m'mwamba.

Tikambe za fizi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, kudzilipirira sukulu ya kunja ndi salale ya boma ndi maloto, ngakhale ya pa South Africa pomwepa. Ndiye njira ndi ziwiri, kuphunzira konkuno kapena sikolashipu. Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi ku UK, imafuna zaka ziwiri zogwira ntchito zomwe inu mwadutsa kale, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Palinso Commonwealth, palinso Beit Trust yomwe ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Za ma masters a pa intaneti omwe amakuimbirani foni tsiku lililonse kuti discount ikutha mawa, musanalipire kobiri fufuzani ku NCHE, bungwe lovomereza masukulu a ukachenjede, ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ku Council ngati pepalalo adzalilemba pa dzina lanu. Ndipo masters ya uzamba yopanda kugwira wodwala ine sindimaikhulupirira.

Musasiye ntchito ya boma kuti mupite kusukulu, chonde. Pemphani study leave ngakhale ichedwe, ngakhale akumangeni ndi bondi yoti mudzagwire zaka zingapo mukabwerako, chifukwa payroll ya boma ukatulukamo kubwereramo ndi nkhondo, taonani ana omaliza sukulu amene akukhalira ma lokamu (maganyu a m'chipatala) zaka kudikira kulembedwa. Penshoni yanunso ili momwemo.

Ndiye walira mvula walira matope, matope a masters ndi thesis. Ma kosi a m'kalasi pafupifupi aliyense amamaliza, komwe anthu amatitimira ndi pa kafukufuku, proposal kubwezedwa kangapo, kudikira chilolezo cha COMREC (komiti yovomereza kafukufuku ku KUHeS), supavaiza ali ndi ophunzira ambiri, ndalama zoyendera kukatolera ma data zatha, uku mwabwerera ku ntchito ma naiti ayambiranso, mwana akudwala, pulogalamu ya zaka ziwiri n'kusanduka zinayi. Mankhwala ake ndi kusankha mutu waung'ono womwe uli pa mphuno panu. Inu muli ndi ma rejisitala a mateniti, ma partograph (matchati otsatira mayi pobereka), ma fomu a maternal death audit (ounikira imfa za amayi pa uchembere), funso labwino lili m'menemo kale, monga chifukwa chomwe amayi otumizidwa kuchokera ku ma health centre amafikira mochedwa kapena momwe partograph ikudzazidwira usiku poyerekeza ndi masana. Mutu wotere sufuna galimoto yopita maboma asanu.

Mukanakhala mng'ono wanga ndikanati tengani ya Midwifery kapena Reproductive Health ku KUHeS, muli pa study leave, maso ali pa kuphunzitsa kapena kafukufuku wa uchembere, ndipo manambala aja muwaphunzire pambali chifukwa amafunika kulikonse. MPH ndikanakuuzani kuti mutenge pokhapokha ngati ku wodi mwatopako zenizeni ndipo mukufuna kuchokako osabwereranso. Pakadali pano pitani kwa a HR mukafunse ngati dzina lanu lili pa training plan ya chipatala chanu poti study leave imayambira pamenepo, onetsetsani kuti laisensi ya ku Council ndi ma CPD points (mapointi a maphunziro owonjezera a pa ntchito) zili bwino, ndipo ngati mukufuna kuyesa Chevening amatsegula cha mu Ogasiti, ma essay ake yambani kulemba isanatsegulidwe.